Kudaiva nokha motengedwa ndi madzi kuchokera kugombe: konzani kuyambira potulukira

Funso: Ndakhala ndikudaiva, kusambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya, kwa zaka zingapo ndipo m'buku langa muli madaivi opitirira 150. Kumene ndimakonda kupita kuli gombe lalitali limene madzi ake amayenda motsata mtunda, ndipo ndikufuna ndizilola kuti azinditenga, ndizikatulukira kutsogolo. Vuto ndi lakuti anzanga odaiva sapezeka masiku amene ine ndili ndi mpata, boti ndilibe, galimoto ndi imodzi. Ndikalowera pano n'kukatulukira kutali, galimoto yatsala kumbuyo. Anthu amatani? Zida ndizisiya kuti, kiyi ndimuika pati, nanga ndibwerera bwanji ndi silinda kumsana?

Yankho: Achimwene, za galimoto ndiyankhiretu: isiyeni kumene mukatulukire. Mtunda wonse umene ulendowu ukufuna kuti muyende, muuyende musanalowe m'madzi, mudakali ouma, mphamvu zilipo, ndiponso mpata wosintha maganizo udakalipo mukaona kuti nyanja sili bwino. Momwe mungachitire zimenezo ndifotokoza, koma ndiloleni ndiyambe ndi potulukira penipenipo. Galimoto ikakuvutani mumangotopa, pamene potulukira mukapaphonya mutha kupezeka muli pakati pa nyanja nokhanokha.

Pa daivi yotengedwa ndi madzi ya pa boti, monga zimachitikira ku Cozumel m'dziko la Mexico, woyendetsa boti amatsatira thovu lanu ndi chizindikiro chanu choyandama, ndiye paliponse pamene mwavuukira amakutolani pomwepo. Kugombe kulibe zimenezo. Potulukira pali pamalo amodzi, inu ndi amene mukuyenda, ndipo madzi sakuimirani. Zili ngati kutsika basi imene siima pasiteji: kukonzekera kumayamba siteji isanaoneke n'komwe.

Ndikuyankhani ngati munthu amene munaphunzira kale kudaiva nokha. Ngati simunatero, yambirani pamenepo. Bungwe lophunzitsa odaiva la SDI linayamba kupereka maphunziro a kudaiva wekha, otchedwa Solo Diver, mu 1999, ndipo limafuna munthu wa zaka zosachepera 21 amene ali ndi madaivi 100. Bungwe lina lotero, la PADI, lili ndi ake otchedwa Self-Reliant Diver, amenenso amafuna madaivi 100. Anu 150 akukwanira polembetsa, koma kumbukirani kuti pafupifupi onsewo munali ndi mnzanu pambali, amene mpweya wake, maso ake ndi mpeni wake zinalinso zanu. Fufuzaninso malamulo a malowo. Ku Maldives, mwachitsanzo, kudaiva wekha n'koletsedwa, ndipo magombe ena otetezedwa ali ndi malamulo awoawo.

Tsono pitani kugombeko tsiku limene simukudaiva, muliyende lonse ndi miyendo, makamaka nyanja itaphwa, miyala ndi ngalande za pansi zili poyera. Mukufuna malo otulukira osachepera atatu otsatizana, molowera kumene madzi akupita. Oyamba ndi amene mukulinga, ndipo galimoto ikhale pamenepo. Enawo ndi othawirako. Paliponse tsikirani mpaka m'madzi, mudzifunse ngati munthu wotopa, wosenza makilogalamu 30, angakwerepo mafunde akumukankha kumbuyo. Mwala umene mumaukwera mosavuta nyanja itadzala umasanduka khoma loterera ndi ndere madzi akatsika ndi mita imodzi yokha. Mukatero pitirirani malo omalizawo, mukaone chimene chili kuseri kwake. Ngati ndi mchenga wa makilomita ambiri, kuphonya kwanu kudzangokupatsani ulendo wautali wa pansi. Koma ngati kuli phompho, khomo la doko, njira ya sitima zapamadzi, kapena nsonga ya mtunda yolowa m'nyanja, ine ndinganene mosabisa kuti malowo si odaivapo nokha motengedwa ndi madzi, ndipo palibe chida chimene mungagule choti chisinthe zimenezo. Nsonga ya mtunda ndimaiopa kwambiri: madzi akafika pamenepo amawonjezera liwiro, ndipo nthawi zambiri amasiyana ndi gombe n'kulunjika pakatikati, atakutengani.

Liwiro la madzi limayezedwa m'ma knot. Knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola, kutanthauza mamita pafupifupi 31 pa mphindi. Pa mphindi 45, madzi oterowo akhala atakutengani makilomita 1.4, ndipo akakhala ma knot 2, makilomita 2.8. Daiva wovala zida zonse amasambira pafupifupi theka la knot ngati akufuna kupitiriza nthawi yaitali. Knot imodzi amaikwanitsa kwa mphindi zochepa chabe, akupuma mwawefuwefu, mpweya ukutha msanga m'silinda. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene madzi amakukankhani nayo imawirikiza kanayi. Choncho maganizo akuti mukapitirira pang'ono mubwerera achotseni m'dongosolo lanu. Simubwerera.

Kuyeza sikufuna makina. Ikani miyala iwiri pagombe yotalikirana mamita 10, ponyani kamtengo m'madzi kutali ndithu, muwerenge masekondi amene katenge kudutsa pakati pa miyalayo. Masekondi 20 ndi knot imodzi. Masekondi 10 ndi ma knot 2, ndipo pa daivi ya nokha yochokera kugombe limenelo ndi tsiku lobwerera kunyumba. Dziwani kuti kamtengoko kakukuuzani za pamwamba, kufupi ndi mtunda, pamene madzi amakonda kuchedwa. Kunja kumene mukadaive angakhale akuthamanga kuposa apo.

Tiyeni tione bwinobwino mmene mamita amathera kumapeto kwa daivi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Muli pa mamita 18, madzi akuyenda knot imodzi, ndipo mwaganiza zokwera. Kutulutsa SMB m'thumba, kachubu kofiira kaja kopopa, kuipopa ndi kuitumiza pamwamba kukutengerani mphindi ziwiri. Kukwera mpaka pa mamita 5 pa liwiro la mamita 9 pa mphindi ndi mphindi imodzi ndi theka. Muima pamenepo mphindi zitatu, kenako mphindi imodzi yomalizira. Pa mphindi zoposa 7 zimenezi mwatengedwa mamita pafupifupi 230. Mwavuuka, gombe lili pa mamita 100, mukusambira mamita 20 pa mphindi: mphindi zina zisanu, mamita ena 155. Kuchokera pamene munaganiza zokwera kufika pamene mapazi agunda mchenga, mwadutsa mamita pafupifupi 400 a gombe. Amene amayamba kukwera akaona kuti wafika moyang'anana ndi galimoto amakatulukira kwina, ngati kumeneko kuli kotulukira.

N'chifukwa chake ine ndimakonda kusakwerera pakati pa madzi ngati pansi pakulola. Gawo lomaliza la daivi ndimalithera ndikutsetserekera kumtunda pang'onopang'ono motsata pansi: mamita 15, 12, 8, mpaka 5. Kufupi ndi pansi madzi amayenda pang'ono chifukwa amakhuzana ndi mchenga ndi miyala, ndipo kumadzi osaya nthawi zambiri amachepanso mphamvu. Mphindi zitatu zija mumazithera pansi pa mamita 5, mutagwira mwala wopanda zamoyo kapena mutazika zala mumchenga, osasuntha. Kuchokera apo mumangotsata pansi mpaka poimirira. Njira imeneyi imakuchotsaninso pamene maboti amadutsa.

Kuti mudziwe pamene mwafika muli pansi, gwiritsani zinthu zitatu pamodzi. Nthawi: mwawerengera kale kuti pa liwiro la lero mufika pakati pa ulendo pa mphindi yakuti. Chizindikiro cha pansi chimene simungachisokoneze ndi china, monga paipi, unyolo wa nangula, kapena pamene miyala yathera n'kuyamba mchenga, ndipo chikhale mamita mazana angapo musanafike potulukira. Ndiye kampasi: lembani pa slate, kabolodi kolembapo m'madzi, mbali imene kuli mtunda musanalowe, chifukwa munthu wotengedwa ndi madzi osaoneka bwino amazungulira osadziwa. Nthawi ikakwana chizindikiro osachiona, khulupirirani nthawi, yambani kulowera kumtunda. Kutulukira msanga n'kuyenda mamita 300 pamchenga si vuto. Kumbukiraninso kuti muli pamwamba pa madzi maso anu amakhala masentimita ochepa kuchokera pamadzipo, moti kanjira kotsikira kugombe kamene mumakaona bwino muli kumtunda sikaoneka. Sankhani chinthu chachitali, mtengo waukulu, mlongoti kapena denga, apo ayi mangani nsalu yowala pamalo okwera.

Za nthawi yolowera. M'nyanja zamchere zambiri madzi amadzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Kuchokera pa kudzala kumodzi kufika pa kwina pamapita maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25, n'chifukwa chake nthawi zake zimachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Amalinyero ali ndi kawerengedwe kakale kogawa kukwera kwa madziko m'magawo 12: gawo limodzi pa ola loyamba, awiri pa lachiwiri, atatu pa lachitatu, atatu pa lachinayi, awiri pa lachisanu, limodzi pa lomaliza. Theka la madzi onse limasuntha pa maola awiri apakatiwo. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, kusiyana kwa kudzala ndi kuphwa kumakula, ndipo madzi amathamanga kwambiri kuposa sabata yotsatira. Gombe lomwelo limene linakutengani mofatsa Loweruka lapitali lingakhale lina lero.

Chenjerani ndi msampha umodzi: nthawi imene nyanja yadzala si nthawi zonse imene madzi amaima. M'mipata ndi m'makomo a madoko amatha kupitiriza kuyenda ola lathunthu kapena kuposerapo. Funani matebulo a kayendedwe ka madzi, osati a kudzala ndi kuphwa okha. Ku America amatulutsa ndi a bungwe la boma la NOAA, ku Britain a UK Hydrographic Office ali ndi mabuku a mapu oonetsa kumene madzi amalowera ola ndi ola. Matebulowo ndi olosera chabe, mphepo ndi mvula zimawasintha, choncho ayerekezeni ndi kamtengo kanu. Pafupi ndi khomo la mtsinje kapena la doko, musadaive madzi akutuluka, chifukwa kumene akupita ndi kunja. Odaiva pa Blue Heron Bridge ku Florida amalowa nyanja ikatsala pang'ono kudzala, n'kutuluka madzi asanayambe kuthamangira kunja, pa chifukwa chomwechi. Mphepo yochokera kumtunda kupita kunyanja imapangitsa gombe kuoneka bata, koma ndi imene imakankhira kunja munthu woyandama ndi BCD, jekete ya daiva yopopa, itadzaza mpweya. M'mitsinje kumene madzi akulowera sikusintha, ndipo mbali imeneyo n'kosavuta, koma mvula ya kumtunda ndi kutsegula kwa madamu zimasintha liwiro, pansi pamakhala mitengo yomira yokola, ndipo mitsinje ina monga St. Clair, pakati pa Canada ndi America, mumadutsa sitima zikuluzikulu.

Tsopano galimoto ija. Njira yoposa zonse ndi munthu wa kumtunda. Mwati anzanu odaiva sapezeka, koma uyu sayenera kukhala daiva, ngakhale kusambira asadziwe. Akusiyeni polowera, ayendetse galimoto kupita potulukira, akhale pamalo okwera akuyang'ana chizindikiro chanu. Munthu mmodziyu wathetsa za zida, za kiyi, za ulendo wobwerera, ndipo chachikulu, alipo woona msanga kuti mwapitirira. Yesetsani ndithu kumupeza musanaganize zina.

Akasowa, onani kutalika kwa mtunda. Ukakhala wosapitirira theka la kilomita, imikani galimoto potulukira, mangani zida pomwepo, muzikoke pa kangolo ka matayala aakulu oyenda pamchenga, kangoloko mukakamangirire ndi loko polowera, mudzakatenge pambuyo. Wetsuit, suti yodaivira, ivaleni mpaka m'chiuno chokha poyenda, mumwe madzi, ndipo mukafika khalani pansi mpaka mtima ukhazikike musanalowe. Ukakhala mtunda wautali, yambirani polowera: tsitsani zolemera zokha, masilinda ndi mtovu wothandiza kumira, muzimange ndi loko wa njinga ku mtengo kapena chitsulo, mavavu ali otseka ndi zotsekera fumbi, pamthunzi. Pitani ndi galimoto potulukira, mubwerere pa njinga kapena wapansi, regulator (chida chopumira mpweya wa m'silinda), kompyuta ya daivi ndi masiki ya kumaso zili m'chikwama kumsana, popeza zimenezi ndi zimene zimabedwa mosavuta. Mukafika, masilinda aja ayeseninso ngati mukuwaona koyamba: mpweya ulimo wochuluka bwanji, vavu yatseguka yonse kodi, mulibe mchenga. Anakhala okha theka la ola, ndipo mwana wachidwi atha kupotokola vavu popanda cholinga choipa. Ngati kumaloko kumapezeka takisi, ikwereni musanadaive, mudakali ouma, kuchoka pa galimoto yanu kupita polowera. Kudalira kuti mukaipeza mutatuluka, muli chinyowere ndi zida zodontha madzi, n'kudziika pa mavuto.

Nthawi ya zonsezi iloweni m'dongosolo. Mukachedwa ndi mphindi 40 chifukwa cha njinga kapena takisi, madzi amene mukulowamo salinso aja munawerengera. Ikani nthawi yomaliza yolowera, ndipo ikadutsa, daivi ya tsikulo yatha.

Kusiya galimoto polowera n'kumabwerera mutatuluka ndimakukaniza pa zifukwa ziwiri. Zida zonse zimalemera makilogalamu 25 mpaka 35, ndipo madokotala a za kudaiva amalangiza kupewa ntchito yolemetsa mukangotuluka, chifukwa m'thupi mumakhala mudakali nayitrojeni, ndipo kudzipanikiza kungawonjezere chiopsezo cha matenda a decompression, amene amabwera nayitrojeniyo akapanga tithovu m'thupi. Chachiwiri, mukatuluka mutavulala kapena mukunjenjemera, foni, madzi akumwa, zovala zofunda ndi oksijeni ngati muli naye ziyenera kukhala pomwepo.

Ilipo njira ina imene imachotsa vuto lonse la galimoto: kulowa ndi kutulukira pamodzimodzi. Madzi akakhala ofooka, mumayamba molimbana nawo motsata pansi, n'kuwalola akubwezeni. Ena amalowa madzi atatsala pang'ono kuima, amatengedwa pang'ono, ndipo akatembenuka amawabwezera pomwe analowera. Ndi yokoma ikatheka, koma imadalira kuti madzi atembenuke pa nthawi imene tebulo lanena, choncho malo othawirako mbali zonse ziwiri muwadziwebe.

Kiyi ndi nkhani yaing'ono. Kiyi wamagetsi wa galimoto za masiku ano safuna madzi. Ambiri amadulitsa kiyi wachitsulo wotsegula chitseko chokha, n'kumumangirira m'kati mwa wetsuit, pamene wamagetsiyo amamubisa m'galimoto m'kathumba kotchinga siginolo kapena m'kachitini kachitsulo, apo ayi galimoto ina imakana kukhoma kapena imatha kulizidwa ndi aliyense. Yesani zimenezi kunyumba. Ena amagwiritsa kabokosi ka loko wa manambala komangirira kunsi kwa galimoto, ena kachubu kosalowa madzi kolembedwa kuya kumene kamapirira. Pamwamba pa tayala ndi pamene wakuba amayambira kuyang'ana. Valani nsapato za daivi zolimba kunsi ndi mafini otsegula ku chidendene, chifukwa mukatulukira pa malo achitatu muyenda pamiyala.

Za mpweya sindifupikitsa. Akatswiri a Divers Alert Network, bungwe loona za chitetezo cha odaiva, atafufuza imfa 947 za odaiva za pakati pa 1992 ndi 2003, anapeza kuti pa zimene chiyambi chake chinadziwika, kuchepa kwa mpweya ndi kumene kunali patsogolo, pa 41 peresenti, kutsatiridwa ndi kukodwa kapena kutsekeredwa, pa 20 peresenti. Zonse ziwiri ndi zimene mnzanu akanakuthandizani. Octopus yanu, chopumira chachiwiri chija, imachokera m'silinda yomweyo, choncho siikupulumutsani silindayo ikatha kapena first stage, mbali ya regulator yomangidwa pa silinda, ikawonongeka. Mukufunika silinda ina yapayokha ndi regulator yake ndi geji yake. Silinda yaing'ono yotereyi amaitcha pony. Tiwerenge ndi pony ya malita 3 yodzazidwa pa 200 bar (muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), imene ili ndi malita 600 a mpweya. Munthu wamantha amapuma malita 30 pa mphindi kapena kuposerapo poyezera pamwamba, ndipo akamapita pansi mpweya umatha msanga kuposa apo. Pa mamita 20, mphindi imodzi yothetsa vuto idya malita 90, kukwera mpaka mamita 5 malita pafupifupi 115, kuima mphindi zitatu 135, kumalizira 40. Onse pamodzi 380, ndipo mwatsala ndi wokwanira. Pa mamita 30 kuwerengera komweko kumapitirira malita 520, pony yatsala pang'ono kuuma. Timabotolo ting'onoting'ono ta malita 85 a mpweya sitikwana pa ntchito imeneyi. Pony isalowe m'dongosolo la daivi, ndipo m'silinda yaikulu muvuuke ndi gawo limodzi mwa atatu, chifukwa mwina mudzafuna regulator kukamwa nthawi yaitali muli pamwamba m'mafunde. Ine ndingakulangizeni kuti daivi yotere isapitirire mamita 18 kapena 20, isafune decompression, kuima kokakamizidwa pokwera kuti nayitrojeni atuluke m'thupi, ndipo pamwamba panu pasakhale denga lililonse.

Zodulira zikhale ziwiri, zoikidwa pamene dzanja lililonse lingafike, chimodzi chikhale sizasi kapena kodulira ulusi, chifukwa ulusi wa mbedza umavuta kudula ndi mpeni. Magombe amene madzi amayenda ndi amenenso asodzi amawakonda. Masiki yachiwiri m'thumba, ndi chida chachiwiri choonera kuya ndi nthawi.

Chizindikiro choyandama chokoka ndi chingwe chili ndi ubwino ndi kuipa kwake. Malo ena lamulo limachifuna. Ku Florida daiva ayenera kukhala ndi mbendera yofiira ya mzere woyera ndi kukhala pafupi nayo, mkati mwa mamita pafupifupi 90 panyanja, ndi pafupifupi 30 m'mitsinje ndi m'mipata. M'mayiko ambiri maboti amadziwa mbendera ya Alpha, yoyera ndi yabuluu. Kwa munthu wanu wa kumtunda, chizindikirocho ndi chokhacho chimene chimamuuza pamene muli. Koma madzi a pamwamba ndi mphepo zimachikoka mwamphamvu kuposa mmene madzi a pansi akukutengerani, ndipo chingwe chimakola. Reel, chokulungira chingwecho, igwireni m'manja. Musaimangirire pathupi, chifukwa boti likakola chingwecho likukokerani pamwamba m'masekondi ochepa. Ngakhale mukukoka chizindikiro, SMB yaitali ikhalebe m'thumba ndi spool, kokulungira chingwe chake.

Tinene kuti zachitika, mwavuuka ndipo malo onse atatu ali kumbuyo. Choyamba ndi kuyandama: dzazani BCD, ndipo ngati mukuvutika kusunga mutu pamwamba, tayani mtovu osaumira. Masiki isachoke kumaso, snorkel (kapaipi kopumira muli pamwamba) kapena regulator ikhale kukamwa. Imikani SMB. Sambirani chagada, modula madzi molunjika kumtunda, mofatsa, ngakhale mukuona gombe likudutsa. Ngati akukutengerani kunja kudzera m'ngalande yopapatiza ya pakati pa mafunde, sambirani motsata gombe mpaka mutulukemo, kenako mulowere kumtunda. Mukaona kuti simukuyandikira, lekani kulimbana, sungani mphamvu ndi kutentha kwa thupi. Madzi amachotsa kutentha mofulumira kuposa mpweya maulendo oposa 20, choncho wetsuit isankheni poganizira maola oyandama, osati mphindi 45 za daivi zokha. Wezulo, kagalasi kothwanimitsira dzuwa ndi tochi n'zopepuka, musazisiye. Chimene chimaitanadi thandizo ndi PLB, kawailesi ka pangozi ka 406 MHz, imene imatumiza malo anu kudzera pa masetilaiti a Cospas-Sarsat. Iyenera kulembetsedwa m'dzina lanu, ndipo zambiri zimafuna kachubu kosalowa madzi popita nazo pansi. Zida monga Nautilus LifeLine zimatumiza malo anu ku maboti apafupi kudzera pa AIS, njira ya wailesi imene maboti amaonera malo a anzawo, choncho zimathandiza kumene maboti oterowo amadutsa.

M'mbali mwa makoma otsetsereka a pansi pa nyanja madzi amatha kukokera pansi. Mukaona thovu lanu likutsika kapena kompyuta ikuwonjezera mamita musanafune, sambirani modula kuchoka pamenepo, onjezerani mpweya mu BCD, dzanja lili pa vavu yotulutsira kuti musathamangire pamwamba akakusiyani.

Kaya munthu wa kumtunda wabwera nanu kapena watsala kunyumba, mulembereni uthenga, musangomuuza pakamwa. Mulembe polowera, malo atatu otulukira, mtundu ndi nambala ya galimoto, mtundu wa wetsuit ndi SMB, kumene madzi akulowera, nambala ya opulumutsa anthu panyanja ya dera limenelo, ndi nthawi zitatu: yolowa, yoyembekezera kutuluka, ndi yoti ayimbe foni osadikiranso. Muuzeni momveka kuti nthawi yachitatuyo ikakwana asayambe wabwera kudzakufunani yekha, ayimbe. Pa knot imodzi, ola lililonse lozengereza limakutalikitsani makilomita pafupifupi awiri. Mukasintha malo kapena nthawi, mudziwitseni musanalowe, ndipo mukatuluka muimbireni musanavule n'komwe zida. Kapepala ka pagalasi la galimoto kolemba nthawi yobwerera sindikakonda, kamauza wakuba mpata umene ali nawo. Lowani m'mawa, kuti ngati pafunika kukusakani, osakawo akhale ndi maola ambiri a dzuwa. Chifunga, mphepo yolowera kunyanja, mafunde aakulu potulukira, kapena thupi losamva bwino, chilichonse mwa izi chikwanire kuimitsa daivi. Ngati zaka zapitako kapena muli ndi vuto la mtima kapena la kuthamanga kwa magazi, kaonaneni ndi dokotala wodziwa za kudaiva musanayambe kulowa nokha m'madzi amphamvu.

Ulendo woyamba pa gombe limenelo usakhale wa nokha. Dikirani tsiku limene mnzanu wapezeka, kapena pitani ndi wodziwa malowo, mutenge theka la mtunda, pa sabata imene madzi ndi ofooka. Lembani m'buku nthawi imene munalowa poyerekeza ndi kudzala kwa nyanja, masekondi a kamtengo, mphindi zimene munatenga kufika pa chizindikiro cha pansi, mphepo, ndi pamene munatulukira. Mukabwereza kangapo pa nthawi zosiyana za mwezi mudzakhala ndi tebulo lanulanu la gombelo, ndipo mtunda muziutalikitsa pang'onopang'ono potsata manambala amenewo.